Nsomba za m'Bafa la Bambo

Ndikatsinzina kuti ndiwaone bambo anga, sindiwaona ali m'munda, kapena atavala jekete lawo limodzi lija la kutchalitchi. Ndimawaona atanyonyomala kuseri kwa nyumba yathu ya pa esiteti, pansi pa mtengo wa mango, zala zawo zimene utomoni wa fodya unazidetsa mpaka kalekale zikuwaza madeya pamadzi pang'onopang'ono ngati akuthira mchere m'ndiwo za mlendo. Madziwo anali m'bafa lachitsulo, loyera mkati koma lodyeka ndi dzimbiri m'milomo, limene analitola kudzala la kunyumba kwa a manijala. Bowo lake anatseka ndi kachidutswa ka tayala ndi phula, analikumbira dzenje n'kulikwirira mpaka m'khosi, pansi pake anayalapo mchenga wa kudambo, anaikamo timiyala ndi mphika wosweka woti nsomba zizibisalamo. Madeya akangogwera pamadzi, timilomo tinkatulukira n'kumayasamayasama, ndipo bambo ankamwetulira. Kwina kulikonse sindinawaonepo akumwetulira chotero, ngakhale tsiku la Khirisimasi.

M'bafamo munali makumba asanu ndi matemba angapo amene anakokola kudambo ndi chitenje chakutha cha mayi, koma eni malo enieni anali nsomba ziwiri zofiira ngati papaya wakupsa. Zimenezi anazipeza ku boda, tsiku lina atapita kukagulitsa tambala wathu. Dalaivala wina wa thiraki yochokera ku Zambia anali nazo m'chigubu, ndipo chifukwa anali atakhala masiku akudikira mapepala a katundu wake, zinali zitayamba kufooka. Bambo anasiya tambala, anabwera ndi chigubu. Mayi anamulira tambala ameneyo mwezi wathunthu. Nsomba ziwirizo bambo anazitcha Bwana ndi Dona, ati chifukwa sizigwira ntchito, zimangoyendayenda n'kumadikira chakudya. Ndipo musaganize kuti zinali zodya, ayi ndithu. Ngakhale mwezi wa Febuluwale, pamene ndiwo zinali nkhwani wopanda nsinjiro lero, mawa ndi mkuja, palibe amene akanayerekeza kuwauza kuti tikazingeko kakumba kamodzi. Anthu a pakomboni anawapatsa dzina lakuti a Msodzi a m'Bafa, ndipo ena ankanena poyera kuti munthu woweta ndiwo kuti azingoziyang'ana ndiye kuti mutu wake sukoka.

Ntchito yothira madzi inali yanga. Nyengo ya chilimwe, pamene dzuwa la ku Mchinji limang'amba nthaka, madzi a m'bafa ankaphwa msanga, ndiye m'mawa uliwonse ndinkatunga makeni awiri pachitsime cha kunazale, kumene tinkafesa mbewu ya fodya. Bambo anandiphunzitsa kuthira modekha pa mbale yakale kuti mchenga usavunduke, kuchotsa ndere ndi kamtengo, komanso kufukula chiswe pachulu choti ndipatse nsombazo Lamulungu ngati nyama yawo. Lamulo lalikulu linali limodzi. Kunazale kunali keni ina yopakidwa penti yofiira pachogwirira, imene ankasungunuliramo mankhwala ophera tizilombo pa mabedi a fodya. Fungo lake linkalowa m'mphuno n'kukakhala kukhosi tsiku lonse. Keni imeneyo sinkayenera kufika kunyumba, kapena pachitsime, kapena pafupi ndi chamoyo chilichonse. Mwana aliyense wa tenanti ankalidziwa lamulo limeneli asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake.

Ife sitinali a ku Mchinji. Tinachokera ku Phalombe chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, ine ndili ndi zaka zinayi. Bambo anali msodzi, ndipo ankakhala chikamwini kumudzi kwa mayi monga mwa mwambo wa kwathu. Madzi atatha, bwato litakhala pamatope, kunabwera lole yofuna anthu olima fodya, ndipo tinakwera, bambo akunena kuti ndi chaka chimodzi chokha. Nthawi imene ndikukambayi tinali titakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri. Amene sanakhalepo pa esiteti sangamvetse mmene malo aakulu chonchija amapanira munthu. Mbali zonse kunali mizere ya bulugamu, msewu unali umodzi, ndipo pamsewupo panali geti ndi mlonda. Chaka chinalibe polowera kapena potulukira: tikamaliza kuthirira nazale tiziokera, tikaokera tizipalira, kenaka kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa, kusankha, kudinda mabelo, ndipo belo lomaliza lisanachoke mbewu yatsopano inali itamera kale pa mabedi. Fodya ankanunkha m'mabulangete, m'tsitsi, m'phala momwe. Kusukulu ndinkapita fodya akalola, ndipo sankalola kawirikawiri. Ndinkadana nawo malo amenewo, ndinene mosabisa, ndinkadana nawo ndi mtima wanga wonse.

Mnzanga wa ponda apa m'pondepo anali Esinati, mwana wa anthu a ku Ntcheu amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Tikatopa ndi phada ndi fulaye, tinkakhala pa chipika cha bulugamu chimene chinagwa pafupi ndi chigafa, n'kumasewera lole. Iye ankakhala dalaivala, ine kondakitala, ndipo tinkaitana maina a malo amene tinangomva kwa akuluakulu: Kamwendo, Namitete, Lilongwe, Dedza, mpaka iye atsike kwawo, ine ndigwire chiwongolero ndekha mpaka ku Phalombe. Kwathuko sindinkakukumbukira n'komwe. Ndinkakudziwa kudzera pakamwa pa mayi, amene akakhala ndi azimayi anzawo pachitsime ankakamba za phiri looneka ukangotuluka pakhomo, za nandolo wa m'munda mwawo, za sukulu imene belu lake limamveka uli pakhonde. Azimayi onse a pakomboni ankatero, aliyense kutama kwawo. Pa esiteti munthu ukhoza kukhala wopanda nsapato, wopanda sopo, anthu osakuseka, chifukwa tonse tinali chimodzimodzi. Chimene chinkamuimika munthu chinali chakuti ndi mlendo chabe, ali ndi kwawo, tsiku lina adzapita.

Tsikulo linkabwera kamodzi pachaka, mwezi wa Seputembala, fodya yense atagulitsidwa. A kapitawo ankayenda khomo ndi khomo ndi kope lawo, kulemba amene akwere lole yobwerera kwawo ndi amene atsale kulima chaka china, ndipo ana ndi azimayi tinkawatsata pambuyo kuti timve. Akafika pakhomo pathu, zinkachitika zomwezomwezo chaka ndi chaka. Mayi ankatuluka, kumanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kulalata mokweza kuti komboni yonse imve: kuti atopa, kuti kwanu n'kwanu mthengo mudalaka njoka, kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi koma wawoyu akukulira m'chigafa. Bambo ankangokanda m'mutu, kuyang'ana kuseri kwa nyumba, n'kunena motsitsa kuti, "Nanga nsombazi ndisiyira ndani?" Anthu ankafa nacho chiseko. A kapitawo ankapukusa mutu n'kulemba kuti tilipo, mayi ankalowa m'nyumba akung'ung'udza, gulu n'kupitirira khomo lina. Ine ndekha ndi amene sindinkaseka. Ndinkaima pamenepo misozi ili m'maso, ndikuona kuti moyo wanga wonse wamangidwa ndi tinsomba tosakwana n'komwe mbale imodzi.

Pali chinthu chimene ndinachiona koma osachimvetsa. Masana ena ndikuchokera kotola nkhuni, ndinawapeza mayi ali okha pabafa, akuchotsa masamba a mango amene anagwera m'madzi, kenaka anamasula kansalu n'kuwaza madeya amene anapatula posinja. Ankaimba kanyimbo ka kwathu chapansipansi. Atandiona anadzuka msanga n'kundikalipira kuti nkhuni zake n'zaziwisi. Ndikanakhala mwana wofatsa ndikanadzifunsa kuti munthu amadyetsa bwanji adani ake. Koma ine ndinali waliuma, wofulumira kupsa mtima, ndipo sabata yomweyo Esinati anandiuza kuti chaka chino bambo ake alembetsa, akupita ku Ntcheu osabweranso. Anandiuza akuvina, mwana wosaganizira anzake uja. Ndinamukankha pachipika, ndinapita kukakhala m'chigafa chopanda kanthu pakati pa mikangala yoyanikapo fodya, ndipo m'menemo ndi mmene maganizo oipa anandibwerera. Ndinawerengera kuti a kapitawo abwera Loweruka. Ngati pofika Loweruka sipakhala nsomba zosiyira munthu, bambo sadzakhala ndi chonena.

Linali Lachinayi masana, dzuwa lili paliwombo, akuluakulu onse atapita kukadula udzu wofolera zigafa. Ndinapita kunazale. Keni yofiira inali pamalo pake, itakolekedwa pamphanda ya mtengo, ndipo pansi pake mkatimo munatsalira timadzi toyera ngati mkaka. Sindinalakwitse keni ayi, ndisadzinamize. Ndinaiyang'ana penti yofiirayo bwinobwino, ndinaitsitsa, ndinathiramo madzi a m'ngalande, n'kuinyamula mpaka kuseri kwa nyumba. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti nsombazo zinandidziwa. Zitangoona chithunzithunzi changa pamadzi zinabwera zonse, Bwana patsogolo, timilomo tili yasa, zikuyesa ndabweretsa chiswe. Ndinathira pa mbale yakale ija, modekha, monga anandiphunzitsira bambo. Kenaka ndinabweza keni pamphanda pake n'kukakhala pakhonde ndikusenda chinangwa, manja akununkha.

Bambo anabwera dzuwa litapendeka, anatula mtolo wa udzu, anatapa madeya m'lichero n'kuzungulira kuseri monga mwa masiku onse. Ndinadikira kuti akuwe. Sanakuwe. Patapita nthawi ndinalephera kupirira, ndinakasuzumira pangodya ya nyumba. Matemba anali atayandama kale, mimba zoyera zili m'mwamba. Makumba ankazungulira ngati oledzera, ndipo Dona anali chagada pafupi ndi mphika wosweka uja, zipsepse zikugwedezeka pang'ono. Bambo anamutola ndi manja awiri, anathamanga naye kukamuika mumtsuko wa madzi akumwa a mayi, anayesa kumuyendetsa ndi chala uku ndi uku, koma zinali zitatha. Anabwerera pabafa, anatunga madzi m'dzanja, ananunkhiza. Munthu amene wathira mankhwala a fodya zaka zisanu ndi ziwiri safunsa kuti fungo limenelo n'lachiyani. Anakumba dzenje lakuya kuti nkhuku ndi amphaka zisafukule, anaziika zonse, Bwana ndi Dona pamwamba, anakwirira n'kutsendera ndi mwala. Atamaliza anabwera pamene ndinaima, anagwira dzanja langa, analinunkhiza nalonso.

"Chinangwa wasendacho ukataye kudzenje, amayi," anatero, pakuti ankanditcha amayi chifukwa ndinatenga dzina la mayi awo. "Usambe m'manja ndi phulusa, kenaka ndi sopo, kawiri. Usadye kanthu usanasambe."

Basi, mawu awo anali omwewo. Ndikanakonda akanathyola nthambi ya mango n'kundikwapula mpaka itathera m'manja, chifukwa mkwapulo umapola. Koma mumtima ndinkadzilimbitsa kuti palibe kanthu, akwiya masiku awiri, Loweruka tilembetsa, ndipo tikafika kwathu adzakhala ndi nyanja yathunthu m'malo mwa bafa la dzimbiri. Ndinafika pochapa diresi langa la kutchalitchi n'kulipinda, kukonzekera ulendo.

Loweruka a kapitawo anafika ndi kope lawo, ndipo gulu la chaka chimenecho linali lalikulu kuposa kale, chifukwa nkhani ya nsomba inali itamveka komboni yonse. Mayi wina wa pakamwa, amene ankakonda kukangana ndi mayi anga pachitsime, ndiye anayamba kuseka kuti a Msodzi chaka chino alibe powiringulira, nsomba zatsogola, iwo atsatire pa lole. Anthu anaseka n'kutembenukira kukhomo, kudikira kuti mayi atuluke ndi chitenje m'chiuno ayambe zawo zija. Mayi sanatuluke. Bambo anaima pabwalo manja ali kumbuyo, anakanda m'mutu, anayang'ana kuseri kwa nyumba mwachizolowezi. Kenaka anauza a kapitawo kuti alembe kuti tilipo. Ine ndinaiwala ulemu, ndinaiwala kuti pali anthu.

"Bambo, nsomba zija zafa! Tikhaliranji?"

Palibe anaseka. Bambo anandiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wavulidwa malaya pamsika. A kapitawo analemba msangamsanga n'kutseka kope, ndipo gulu linachoka mwakachetechete, azimayi akuyang'anana.

Madzulo a tsiku lomwelo mayi ananditenga kuti tikatole nkhuni m'mabulugamu, ndipo titafika poti palibe angatimve anakhala pansi. Anandiuza kuti mayi awo, agogo anga, anamwalira chaka chathu chachitatu pa esiteti, zimene ndinkadziwa, koma panali zina zimene sindinkadziwa. Pambuyo pa maliro amalume analemba kalata kuti munda uja agawana azichemwali awo a mayi amene anatsala pamudzi, chifukwa malo ndi ochepa ndipo ana achuluka, wochoka alibe gawo. Nyumba yathu inagwa ndi mvula, pamalopo wina anamangapo yake. Kwawo kwa bambo nakonso kunalibe poponda, chifukwa mwamuna akapita chikamwini munda umatsala ndi alongo ake. Lole ikanatitsitsa pamsewu, sitikanadziwa kolowera. Kalatayo anaiwerenga awiri, anaiotcha, ndipo mwezi womwewo ndi umene bambo anakatola bafa kudzala. Nsombazo ankazikonda zoona, anatero mayi, munthu wa panyanja sangakhale osaona chamoyo m'madzi. Koma zolalata zija, zokanda m'mutu zija, anachita kupangana.

"Bambo ako anati, asiyeni azindiseka ine ndi nsomba zanga, kusiyana n'kuti azikulozani chala inu kuti mulibe kwanu." Anatola kankhuni, anakathyola pakati. "Ndiye iwe wativula, mwana wanga."

Madzi akatayika saoleka. Lole inabwera Lachiwiri, Esinati anakwera pamwamba pa matumba ndi mipando, anandibayibitsa mpaka fumbi linamubisa pageti, ine ndili ndi diresi lopindapinda m'nyumba. Sabata isanathe ndinamva ndi makutu anga pachitsime, mayi wa pakamwa uja atakangana ndi mayi anga za malo oika ndowa, akuwafunsa kuti kodi phiri lija ndi nandolo uja zili kuti, popeza ena pano ndi pamudzi pawo. Mayi anasenza ndowa yosadzaza n'kubwerera. Kuyambira tsiku limenelo sanakambenso za Phalombe pagulu, ndipo ankapita kotunga madzi nthawi imene anzawo achokako. Ine ndinayesa kukonza. Ndinatsuka bafa ndi mchenga ndi phulusa, ndinatenga chitenje chakutha chija n'kukakokola matemba asanu ndi limodzi kudambo, ndinawaika m'madzi atsopano. Pofika mawa lake onse anali atayandama. Bambo anati chitsulo chadzimbiri chikamwa mankhwala sichilavula, analifukula bafalo n'kulivundikira, nkhuku zinayamba kubisala pansi pake dzuwa likatentha. Komabe akaweruka ankapita pansi pa mango paja n'kunyonyomala, zala zikufikisana zokha popanda madeya. Za keni yofiira sananditchulirepo mpaka imfa yawo.

Tinakhala pa esiteti ija zaka zina zambiri. Bambo ndi mayi onse anagona kumanda a alendo, kuseri kwa mizere ya bulugamu, kumene amaika matenanti amene mitembo yawo ilibe kopita. Ku Phalombe ndinapitako kamodzi ndili wamkulu. Phiri ndinalipeza, lokongola monga ankanenera mayi, koma anthu anandilandira ndi mpando ndi madzi akumwa ngati mlendo wodutsa, ndipo dzuwa lisanalowe anandifunsa kuti basi yanga ndi ya nthawi yanji. Ndili mwana ndinkayesa kuti chotsekera munthu ndi geti ndi mlonda, kapena uchitsiru wa kholo lako. Sindinkadziwa kuti makolo ena amavala uchitsiru dala, ngati chitenje, kuti aphimbe pamene pang'ambika, ndipo mwana wanzeru zake amabwera n'kukoka.

Lero ndili ndi kagolosale ku boda, ndimagulitsa zakumwa, sopo ndi mabisiketi kwa madalaivala odikira mapepala. Pakauntala pali thanki yagalasi imene ndinagula ku Chipata, ya kamakina kotulutsa thovu, ndipo muli nsomba zinayi zofiira. Madzi ake ndimatunga ndekha, ndi ndowa imene palibe wina amaigwira. Ana anga awiri ali ku Lilongwe, ndipo mwezi uliwonse amaimba foni kuti nditseke golosale ndikakhale nawo, miyendo yayamba kutupa, ndikudzivutitsiranji. Sindingawauze kuti sindifuna kukakhala mlendo pakhomo pa mpongozi, kapena kuti manda awiri aja akasowa wolambula, dziko lonse lapansi sipadzatsala malo amene ndingawatche kwathu. Ndiye ndimakanda m'mutu, ndimayang'ana pakauntala, n'kuwafunsa kuti nanga nsombazi ndisiyira ndani. Amaseka, ndimamva akuuzana kumbaliko kuti amayi awa ndi nsomba zawo. Ndimawasiya aseke.